PDF, EPUB kapena Word: buku lanu lipite kwa owerenga litavala chiyani?

Atsibweni anga anagwira choko zaka zoposa 30 asanapume pa ntchito. Atakhazikika panyumba pawo ku Chibavi anayamba kulemba buku la nthano ndi mbiri ya mtundu wathu, pa lapitopu yakale imene mwana wawo anawasiyira popita ku Joni. Linawadyera zaka ziwiri, n'kukwana masamba 140. Atamaliza anakwera njinga ya kabaza, ija timati sakaramento, kupita pa steshonale ina m'tauni, mnyamata wa pamenepo n'kudina apa ndi apo, n'kuwauza kuti, "Basi madala, e-book yanu ndi imeneyi." Inali PDF. Madzulo omwewo anaiponya pa gulu la abale la pa WhatsApp, ndipo tonse tinawaombera m'manja ndi tizithunzi tija ta zikhatho.

Patapita milungu iwiri anandiitanitsa.

"Mphwanga, tandiuza zoona. Anthuwa akuwerenga?"

Sindinawayankhe. Ndinangowapatsa foni yanga kuti adzionere okha. Tsamba lonse la A4 linali litapanikizika pa galasi losaposa chikhatho, zilembo zili ngati nyerere. Anakulitsa ndi zala ziwiri, mzere n'kutulukira kunja kwa galasi. Akankhe uku kuti amalize chiganizo, akankhenso uko kuti apeze poyambira mzere wotsatira. Ndime yachiwiri asanaimalize, anavula magalasi n'kuika foni ija pa tebulo.

"Ndiye kuti buku langa n'loipa?"

"Iyayi atsibweni, bukuli n'labwino. Chovala chimene mwaliveka ndi chimene sichikulikwana."

Diresi la kwa telala ndi chitenje

PDF inapangidwa ndi kampani ya Adobe mu 1993, ndipo cholinga chake chinali chimodzi: tsamba lizioneka chimodzimodzi kulikonse kumene lapita. Mukaika chithunzi pakona ya kumanzere, chidzakhala pomwepo pa kompyuta ya ku Luwinga ndi pa makina osindikizira a ku Blantyre. Mawu amene athera pa mzere wachisanu adzathera pomwepo mpaka kalekale. N'chifukwa chake osindikiza mabuku a pepala amafuna PDF, ndipo salakwa. Ili ngati diresi losokedwa kwa telala: anayesa munthu mmodzi, nadula nsalu, nasoka. Mwiniwake limamukhala bwino kwabasi. Wina akati abwereke, mpamene mabatani amaduka.

EPUB, mtundu wina wa fayilo ya buku, ndi chitenje. Wamng'ono thupi amavala, wadzitho amavalanso, nsalu yake yomweyo. Mu EPUB mulibe tsamba lokhazikika. Muli mawu ndi malangizo akuti uwu ndi mutu, iyi ndi ndime, apa pali chithunzi, ndipo foni kapena tabuleti ya wowerenga ndi imene imayala mawuwo molingana ndi kukula kwa galasi lake. Wowerenga akakulitsa zilembo, mizere imadzikonza yokha, palibe kukankhira uku ndi uko. Agogo amene maso ayamba kuchita chidima amatha kukulitsa mpaka mawu asanu okha pa mzere, buku n'kumawerengekabe. Munthu wosaona amatha kuuza foni kuti imuwerengere mokweza, ngakhale kuti mawu a makinawo Chichewa amachitchula mokhota.

Mtundu umenewu unakhazikitsidwa mu 2007 ndi bungwe la International Digital Publishing Forum. EPUB 3 inatuluka mu 2011, ndipo kuyambira mu 2017 amene akuusamalira ndi a W3C, omwe amaika malamulo a kapangidwe ka masamba a pa intaneti. Palibe kampani imene ingati EPUB ndi yanga, ndipo simulipira aliyense kuti muigwiritse ntchito. Masitolo a mabuku a pa intaneti monga Apple Books, Kobo, Google Play Books, onsewa amalandira EPUB.

Ngati muli ndi chidwi chofuna kuona zam'kati, tengani fayilo ya EPUB, muikope pambali, musinthe dzina lake kumapeto kuchoka pa .epub kukhala .zip, mutsegule. Mupeza kuti ndi phukusi chabe. Kawirikawiri mutu uliwonse wa buku umakhala kafayilo kakekake, kolembedwa ngati tsamba la pa intaneti. Pambali pali kafayilo ka CSS konena za maonekedwe, foda ya zithunzi, ndi kafayilo kena kothera ndi .opf kamene kali ngati kaundula: dzina la buku, wolemba, chiyankhulo, ndi ndondomeko ya mitu kuti uti ukutsatira uti. Atsibweni nditawaonetsa zimenezi anaseka, amvekere, "Ndimayesa ndi zamatsenga, kani ndi mtolo wa nkhuni."

Koma chitenje chili ndi mtengo wake, ndipo olemba ambiri apa mpamene pamawapweteka. Manambala a masamba amatha. Chiganizo chakuti "onani pa tsamba 47" chimasanduka chopanda pake, chifukwa tsamba 47 la pa foni yanga si la pa foni yanu. Dzina la buku limene munalemba pamwamba pa tsamba lililonse limachoka. Ngakhale zilembo zokongola zimene munasankha mutaganiza usiku wonse, wowerenga akhoza kuzisintha n'kuika zake. Wolemba amayenera kuvomera kuti maonekedwe a tsamba salinso m'manja mwake.

Si buku lililonse lingavale chitenje. Buku la ana lodzaza zithunzi, limene mawu ake alembedwa pamwamba pa chithunzi cha kalulu, likayalidwa mwachisawawa limaonongeka. Buku la masamu lodzaza matebulo ndi zojambula, chimodzimodzi. Ndipo anzathu a kwaya amene mukufuna kutulutsa nyimbo za sofa, kumene d, r, m aliyense ayenera kukhala pamwamba penipeni pa liwu lake, khalani pa PDF, musavutike. Ilipo EPUB ina ya masamba okhazikika yopangidwira mabuku otere, koma kuikonza n'kovuta ndipo pa foni yaing'ono imakubwezerani ku nyerere zomwe zija. Ndakatulo zili pakatikati: zimatheka, kungoti mzere wautali umathyoka pa galasi lopapatiza, ndiye muyenera kukonza kuti chotsalira cha mzerewo chizilowa m'kati pang'ono, wowerenga adziwe kuti si mzere watsopano.

Za Amazon, ndi uphungu umene unatha ntchito

Mukafufuza pa intaneti mupeza malangizo ambiri onena kuti wolemba aliyense ayenera kukhala ndi fayilo ya MOBI. Amenewo ndi malangizo a dzana. MOBI inachokera ku kampani ya ku France yotchedwa Mobipocket, imene Amazon inagula mu 2005, zaka ziwiri isanatulutse Kindle yoyamba, kachipangizo kake kowerengera mabuku, mu 2007. Kwa nthawi yaitali Kindle inali ndi mitundu yakeyake ya mafayilo, AZW, kenako AZW3, kenako KFX, ndipo olemba ankakonza mafayilo awiri, ina ya Amazon, ina ya ena onse. Mu 2021 Amazon inasiya kulandira MOBI pa mabuku atsopano a mawu oyenda okha aja. Lero mukafuna kugulitsa kudzera pa Kindle Direct Publishing mumatumiza EPUB, kapena fayilo ya Word, kapena KPF imene imapangidwa ndi pulogalamu yawo ya Kindle Create, iwo n'kusandutsa okha kukhala mtundu wawo. KPF imagwira ntchito ku Amazon kokha. Ine ndimakonda EPUB pa chifukwa chimenechi: mwakonza kamodzi, mwalowa nayo m'masitolo onse.

Pali chinthu china chimene malangizo ochokera kunja satiuza, chifukwa iwo sichiwakhudza. Amazon ili ndi mndandanda wa ziyankhulo zimene imalola pa Kindle. Chingerezi chilipo, Chifalansa chilipo, Chiarabu ndi Afrikaans zilipo. Chichewa ndi Chitumbuka palibe. Buku la atsibweni, lolembedwa m'Chichewa ndi miyambi ya Chitumbuka apo ndi apo, khomo limenelo n'lotseka. Ena amanamiza makina polemba kuti buku lawo ndi la Chingerezi. Sindingakulangizeni zimenezo, chifukwa akazindikira amalichotsa.

Amene mumalemba m'Chingerezi khomo n'lotsegula, koma dziwani masamu ake musanayambe kuwerengera madola. Amazon imapatsa wolemba 35 kapena 70 pa 100 iliyonse. Ya 70 imafuna kuti mtengo wa buku ukhale m'malire amene iwo anaika, omwe kwa zaka zambiri anali madola 2.99 mpaka 9.99, imagwira pa ogula a m'mayiko osankhidwa okha, ndipo pa njira imeneyi amadula ndalama yotumizira fayilo kwa wogula: ku America ndi masenti 15 pa MB iliyonse. Apa mpamene mtundu wa fayilo umakhudza thumba. Buku la mawu okhaokha nthawi zambiri silifika ndi MB imodzi yomwe. Koma la zithunzi zosachepetsedwa, la MB 10, amalidula dola imodzi ndi theka pa mtengo wa buku lililonse logulidwa asanawerengere gawo lanu. Pamwamba pa apo, dziko la Malawi lilibe pangano la misonkho ndi America, ndiye pa zogulitsidwa kumeneko amayamba adula 30 pa 100 iliyonse ndalamayo isananyamuke. Walira mvula walira matope.

Ofuna kulowa m'masitolo angapo nthawi imodzi amadzera kwa ogawa monga Draft2Digital, imene inatenga Smashwords mu 2022. Mumawapatsa EPUB imodzi, iwo n'kuitumiza ku Apple Books, Kobo ndi kwina, n'kumatapa kagawo pa buku lililonse logulidwa.

Ntchito yeniyeni ili mu Word

Kusandutsa fayilo kukhala EPUB ndi ntchito ya mphindi imodzi. Chimene chimadya masiku ndi kutsuka fayilo ya Word isanasandutsidwe, ndipo anthu ambiri amadumpha pomwepa.

Pa Word pali kabatani kooneka chonchi: ¶. Mukakadina, zonse zobisika zimaonekera poyera. Mpata uliwonse umene munasiya umaoneka ngati kadontho, Tab aliyense ngati kamuvi, Enter aliyense ngati chizindikiro chomwecho. Tsiku limene ndinakadina pa buku la atsibweni, tsamba linachita ngati lagwidwa chikuku. Pofuna kuti ndime iyambire m'kati, ankadina mpata kasanu, pena kasanu ndi kawiri. Pofuna kuti mutu ukhale pakati pa tsamba, ankaukankha ndi mipata mpaka diso litakhutira. Pofuna kuyamba mutu watsopano pa tsamba lina, ankamenya Enter mpaka tsamba litatha, kwina maulendo 19. Anaphunzira kutayipa pa taipilaita, ndipo pa taipilaita njira yake inali yomweyo. Pa pepala la A4 zonsezi sizioneka. Pa foni zimasanduka masamba opanda kanthu, mitu yopendekeka, ndi ndime zoyambira pena paliponse.

Mankhwala ake ndi Styles. M'malo mokongoletsa mutu uliwonse pamanja, kuukulitsa, kuudetsa, kuuika pakati, mumangouuza Word kuti uwu ndi Heading 1. Timitu tating'ono ta m'kati ndi Heading 2. Ndime wamba zonse zikhale Normal. Kenako mumakonza Heading 1 kamodzi kokha, kuti izikhala pakati ndipo iziyamba pa tsamba latsopano, mitu yonse 24 n'kumvera nthawi imodzi. Mumakonzanso Normal kuti mzere woyamba wa ndime uzilowa wokha m'kati. Phindu lalikulu n'lakuti pulogalamu yosandutsa imazindikira Heading 1, ndipo pamenepo mpamene imadula bukulo m'mitu ndi kupanga zam'katimu zodinika, zoti wowerenga akagunda pa "Mutu 12" afike pomwepo. Mutu umene munangoudetsa ndi kuukulitsa pamanja, makina amauona ngati ndime wamba yonenepa.

Zinyalala zakale zija simuchita kuzitola imodziimodzi. Tsegulani Find and Replace. Pamwamba lembani mipata iwiri, pansi mpata umodzi, mudine Replace All mobwerezabwereza mpaka Word itanena kuti sinapeze kanthu. Ma Tab amafufuzidwa polemba ^t, ndipo ma Enter otsatizana polemba ^p^p n'kuika ^p m'malo mwake. Musanayambe, sungani kope lina pambali, chifukwa Replace All alibe chisoni. Pamene nkhani ikudumpha nthawi kapena malo m'kati mwa mutu, musangosiya mzere wopanda kanthu, chifukwa ukagwera kumapeto kwa galasi suoneka. Ikanipo tinyenyezi titatu pakati.

Mabokosi a mawu oyandama, zilembo zopindika za WordArt, mizati iwiri pa tsamba, mafelemu a maluwa m'mbali mwa tsamba, zonsezo chotsani. Tebulo la mizati yoposa itatu kapena inayi pa foni silikwana. Ganizani ngati zimene likunenazo sizingalembedwe m'ziganizo. Chithunzi chilichonse chikhale pa mzere wakewake pakati pa ndime ziwiri, osati mawu kuchizungulira.

Zithunzi n'zimene zimalemetsa buku. Atsibweni anali ndi zithunzi 31 za makolo ndi za kumudzi, zojambulidwa ndi foni kuchokera mu alubamu, chilichonse cha MB zitatu kapena zinayi. Fayilo yonse inapitirira MB 100. Ndani kuno angaphe bandulo yake kutsitsa chinthu chotere? Tinazichepetsa kuti mbali yaitali ikhale mapikiselo pafupifupi 1,200, n'kuzisunga ngati JPEG, ndipo buku lonse linatsika kufika pa MB zisanu, nkhope ya agogo ikuonekabe bwinobwino. Zithunzi zikuluzikulu zoyambirira zija musataye, zidzafunika posindikiza pa pepala. Ndipo pa chithunzi chilichonse lembani Alt Text, kachiganizo kofotokoza zimene zili pa chithunzicho, kuti wosaona amene foni ikumuwerengera asangodutsa pa dzenje.

Mavuto athuathu a Chichewa ndi Chitumbuka

Pali zina zimene wolemba wa ku London sadzakumana nazo. Choyamba ndi ŵ. Olemba Chichewa ambiri masiku ano anamusiya, koma m'Chitumbuka ali ponseponse: ŵanthu, ŵana, ŵapapi. Ndaonapo anthu akulemba w kenako n'kujambula kadenga pamwamba ndi kachithunzi, ena kulemba w^. Zimenezo mu EPUB zimabalalika. Chilembochi chilipo chenicheni. Mu Word lembani 0175 kenako mudine Alt ndi X pamodzi, chituluka ŵ. Chachikulu ndi 0174. Mwayi wathu ndi wakuti anthu a ku Wales amachigwiritsanso ntchito m'chiyankhulo chawo, choncho mitundu yambiri ya zilembo ili nacho. Koma zilembo zina zokometsera zilibe, ndipo pamalo pake pamatuluka kabokosi.

Chachiwiri ndi kankhodolera ka m'mawu ngati m'mudzi, ng'ombe, n'chifukwa. Ife timakagwiritsa ntchito pafupifupi mzere uliwonse. Fayilo ikasungidwa m'njira yolakwika, yosakhala UTF-8, kankhodolera kopindika kamasanduka zinyalala: m'mudzi amakhala mâ€™mudzi, Malaŵi amakhala MalaÅµi. Mukaona zimenezi musayambe kukonza liwu limodzilimodzi. Bwererani pa fayilo yoyamba musandutsenso, mutasankha UTF-8. Onaninso kuti buku lonse lili ndi mtundu umodzi wa kankhodolera. Mitu imene inalembedwa pa foni imabwera ndi koongoka, ya pa kompyuta kopindika, ndipo zikasakanikirana wowerenga akafufuza liwu m'buku mapulogalamu ena amapeza theka lokha.

Chachitatu ambiri sachidziwa n'komwe. Mu kaundula uja wa .opf muli malo olembapo chiyankhulo cha buku. Mukapanda kusintha, nthawi zambiri pamakhala en, kutanthauza Chingerezi, ndipo pulogalamu yowerengera imayamba kudula mawu kumapeto kwa mzere motsata malamulo a Chingerezi. Mpamene mumaona ndikukuthokozani atadulidwa pakati pa t ndi h, kapena mb ndi nd atalekanitsidwa ngati anthu okangana. Chizindikiro cha Chichewa ndi ny, cha Chitumbuka ndi tum. Ndiponso mawu athu ndi aatali. Liwu ngati sindinakakuuzeni likakhala pa galasi lopapatiza, ndipo inu munalamula kuti mizere ithere mofanana mbali zonse ziwiri, pamatsala mipata yoti mbuzi n'kudutsa. Siyani mawu atsamire kumanzere, wowerenga asankhe yekha.

Kusandutsa ndi kuyesa

Zipangizo zake n'zaulere. LibreOffice Writer imatulutsa EPUB mwachindunji. Google Docs nayo ili ndi posankha kutsitsa fayilo ngati EPUB. Calibre, imene Kovid Goyal anayamba kupanga mu 2006, imasandutsa fayilo ya Word kukhala EPUB, imakulolani kulemba dzina la buku, la wolemba ndi chiyankhulo, kuika chikuto, ndiponso kukonza zam'kati. Sigil ndi ya amene akufuna kulowa m'kati mwa phukusi lija n'kumasoka ndi manja. Calibre ndi Sigil mukangozitsitsa kamodzi zimagwira ntchito popanda intaneti, chimene n'chofunika kwa ife amene netiweki imabwera ndi kupita ngati mvula ya mawawa ya mu June.

Chimodzi chokha ndikuletseni: musasandutse PDF kukhala EPUB. Diresi losokedwa kale silibwerera kukhala chitenje. Chimene chimatuluka ndi mizere yothyokathyoka, manambala a masamba atalowerera pakati pa ziganizo, ndi dzina la buku likubwerezedwa ndime zingapo zilizonse. PDF yochita kusikana ndiye n'zithunzi chabe za masamba, mulibe liwu ndi limodzi lomwe limene makina angaligwire, ndipo mapulogalamu owerenga zilembo pa chithunzi amalakwitsa kwambiri pa Chichewa. Ngati fayilo ya Word inatayika, konzekani kuwerenga ndi kukonza mzere uliwonse.

Fayilo ikatuluka, iyeseni. Pali pulogalamu yotchedwa EPUBCheck imene imafufuza zolakwika zam'kati, ndipo masitolo ambiri amakana buku limene lalephera pamenepo. Opita ku Amazon ali ndi Kindle Previewer yoonetsa mmene bukulo lidzaonekere. Koma mayeso enieni ndi foni ya munthu. Musayesere pa lapitopu yanu yokha. Bwerekani itel kapena Tecno yaing'ono ya mwana wa asisi, mukulitse zilembo mpaka pamapeto, muchepetse mpaka pamapeto, mudine mutu uliwonse pa zam'katimu. Yatsaninso maonekedwe a usiku, aja a galasi lakuda: ngati munakakamiza kuti zilembo zikhale zakuda, pa mapulogalamu ena zimamira mu mdimawo osaonekanso. Onaninso dzina limene likuoneka pa shelefu ya pulogalamuyo. La atsibweni poyamba linkaoneka kuti "buku final final 3", wolemba wake "User".

Chikuto cha e-book ndi chithunzi chimodzi cha kumaso kokha, chopanda msana ndi kumbuyo. Muyeso umene Amazon imalimbikitsa ndi mapikiselo 1,600 m'lifupi ndi 2,560 m'litali, ndipo umagwiranso bwino kwina. Kumbukirani kuti anthu adzayamba kuchiona chili chaching'ono ngati sitampa. Dzina la buku likapanda kuwerengeka pa msinkhu umenewo, likulitseni.

Nanga wowerenga wa ku Zolozolo?

Tsopano ndinene zimene ena okonda EPUB sangakondwe nazo. Owerenga athu ambiri sagula mabuku ku Kobo. Amatumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, wolemba n'kuwaponyera fayilo pa WhatsApp. Pa iPhone EPUB imatseguka ndi Apple Books. Pa mafoni ambiri a Android, munthu amayenera kukhala ndi pulogalamu yowerengera monga ReadEra, Lithium kapena Google Play Books, ndipo wina akadina fayilo n'kukana kutseguka, sakufunsani, amangoti mwamubera. PDF ndiye imatseguka pafupifupi pa foni iliyonse.

Choncho ine ndimati konzani PDF yachiwiri, yosokedwa pa muyeso wa foni. A4 ndi mamilimita 210 kwa 297, n'chifukwa chake imapanikizika. Sinthani tsamba likhale A6, mamilimita 105 kwa 148, m'mbali musiye mpata wochepa, zilembo zikhale 11 kapena 12. Masamba achuluka, koma aliyense awerenga osakulitsa ndi zala. Ngati munagwiritsa ntchito Styles, kusintha kumeneku n'kwa mphindi zochepa. Mukatero muli ndi mayi mmodzi, fayilo ya Word yotsukidwa ija, ndi ana atatu: PDF ya osindikiza, PDF ya pa foni, ndi EPUB. Wogula mumamutumizira ziwiri zomalizazo, asankhe yekha.

"Nanga akamagawana ulere?" Limeneli linali funso loyamba la atsibweni, ndipo ndi la wolemba aliyense. Masitolo akuluakulu ali ndi loko wotchedwa DRM amene mungasankhe kuika, koma fayilo yotumiza nokha pa WhatsApp ilibe loko wotero. Pasiwedi ya pa PDF imayenda limodzi ndi fayiloyo. Wopatsa mnzake buku amamupatsanso pasiwedi. Lamulo la Copyright Act la 2016 limateteza ntchito yanu, ndipo bungwe la COSOMA lilipo pa nkhani za umwini wa zolembedwa, koma palibe amene angalondole fayilo m'magulu onse a mipingo ndi a anthu ophunzira limodzi. Chimene ndaona chikuthandizako ndi kulemba dzina la wogula pa tsamba loyamba la kope lake. Si loko, ndi manyazi chabe, koma munthu amaganiza kawiri asanamwaze buku lolembedwa dzina lake. Ndipo ikani nambala yolipirira kumapeto kwa buku. Alipo ena amene analilandira ulere, likawakoma amatumiza kangachepe.

Za ISBN mwachidule: ndi nambala yozindikiritsa buku, ya manambala 13, ndipo kuno imaperekedwa ndi National Archives of Malawi ku Zomba. Mtundu uliwonse wa buku umafuna yakeyake, ya pepala payokha, ya EPUB payokha. Amazon safuna ISBN pa e-book, amapereka nambala yawo yotchedwa ASIN.

Mayi uja, fayilo ya Word ija, musungeni malo atatu. Ife a ku Mzuzu tikukumbuka mmene laibulale ya Mzuni inapsera mu December 2015, mabuku masauzande ambiri n'kusanduka phulusa usiku umodzi. Fayilo ndiye sichedwa n'komwe: fulashi imodzi yolowetsedwa pa kompyuta ya mavairasi, basi zaka ziwiri zapita. Kope lina pa lapitopu, lina pa fulashi yosayendayenda, lina mudzitumizire nokha pa imelo. Ndipo cholakwika chilichonse chikapezeka, mukonze mwa mayiyo, ana mubereke atsopano. Mukayamba kukonza mu EPUB mokha, mawa mu PDF mokha, pakutha pa chaka muli ndi mabuku atatu osiyana ndipo simukudziwa loona ndi liti.

Buku la atsibweni tinalitumizanso pa gulu lija Loweruka lina kuzizira. Lachiwiri lake azakhali a ku Ekwendeni anaimba foni, ine ndili pomwepo. Anali atafika kale pa nkhani ya ukwati wa agogo, ndipo sanaimbire kuyamikira.

"Achimwene, dzina la mudzi wa amayi mwalakwitsa. Mwasinthanitsa zilembo."

Atsibweni anakoka kope lawo la pepala, nanyowetsa chala. "Tsamba lake liti, achemwali?"

"Tsamba 412."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Buku lawo linali la masamba 140. Ndinawauza kuti azakhali akulitsa zilembo, afunseni liwu lenilenilo. Tinalifufuza mu Word, tinalipeza malo atatu, awiri olondola, amodzi olakwika. Pamene tiyi amafika pa tebulo n'kuti mafayilo atatu atsopano atatuluka, atsibweni akulemba m'kabuku kawo ka m'thumba, ndi cholembera chofiira cha uphunzitsi chija, mayina a anthu oyenera kutumiziridwanso.